Chiguduli cha a Tickey

A Tickey Nason anali khukhi m'nyumba ya mwini famu ina ya fodya kumpoto kwa Centenary. Dzina la famuyo ndilisiya, chifukwa eni ake anachoka kale ndipo nkhani ino si yawo. Ine ndinafika kumeneko mu Januwale 1986 kudzaphunzitsa pasukulu ya pafamupo, ya zipinda ziwiri, imene kale inali shedi yosankhiramo fodya. Fungo lake linali lisanathe m'makoma.

Anali munthu wamfupi, wowonda, wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu. Ndati "ngati" chifukwa eni ake sankatchula. Dzina la Tickey akuti anawapatsa azamba poona kuchepa kwawo tsiku lobadwa, ngati tiki, kandalama kakang'ono kakale kaja. Mkazi analibe, ana analibe. Nyumba yawo sinali kukomboni kumene tinkakhala tonsefe. Kanali kachipinda ka njerwa kuseri kwa galaja, pafupi ndi thanki ya madzi. Anthu a kukomboni ankati khukhi ndi khutu la mzungu, choncho iwo akafika pampopi nkhani zinkaduka. Kunyumba yaikulu nako ankawaitana ndi belu. Ndikhulupirira kuti kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, mawu amene ankatuluka pakamwa pawo sankadzaza ngakhale tsamba limodzi la kope.

Koma Chichewa chawo chinali chozama. Ife ana a matchona obadwira kuno timati tikayamba chiganizo m'Chichewa timakachimalizira m'Chishona. Iwo ayi. Ankalankhula ngati munthu watsika basi ya ku Malawi dzulo, ndipo aliyense ankati ndi a ku Ntcheu. Sankavomera, sankakana.

Masewera amene ndikufuna kufotokoza anayamba chonchi, monga anandiuzira okha. Mwana wa mwini famu, akabwera kutchuthi ndi anzake a kusekondale, ankakhala pakhonde tsiku lonse ndi mapepala ndi timadayisi. Mmodzi ankalankhula, enawo n'kumayenda m'kati mwa zimene akunenazo. A Tickey pobweretsa tiyi sankamva Chingerezi chonse, koma anaona chinthu chimodzi: wolankhulayo anzake ankamuyang'ana pakamwa osaphethira. Mnyamatayo atapita kunja kwa dziko, iwo anapeza dayisi imodzi pansi pa kabati akupolisha. Inali yobiriwira, ya mbali makumi awiri. Dona, mkazi wa mwini famu, anati aitaye. Anaiika m'thumba la apuloni.

Anatenga chiguduli chokutira mabelo a fodya, ndi inki yodindira mabelo, n'kujambula njira. Pansi penipeni panali famu yathu. Kuchoka apo njira inkatsika mapiri a Mavuradonha kulowa m'chigwa cha Muzarabani, kuoloka mtsinje wa Mukumbura, kudutsa thengo mpaka pa Zambezi, kenako Tete, Zobue, ndi chipata cha Mwanza. Pamenepo chiguduli chinali chopindira kunsi. Ankati kumudzi kuli mseri mwa mpindirowo, ndipo adzatambasula tsiku limene munthu adzafike. Masewerawo ankangowatcha Ulendo.

Tinkasewera Lamlungu masana, pansi pa mtengo wa mapeyala pakhomo pawo. Osewera okhazikika tinali anayi. Che Bakari anali telala wa pakhonde la sitolo ya pafamu, Msilamu wa ku Chiradzulu, amene anabwera kuno mu 1949 ndipo sanabwerereko. Afonso anali woyendetsa thirakitala, wa ku Angonia, wothawa nkhondo. Mayi Filesi anali osankha fodya mushedi, amasiye, a pakamwa posachedwa. Wachinayi ndinali ine, Laxon. Aliyense anali ndi chomuimira pachigudulipo: Che Bakari bobini ya makina awo, Afonso nati ya thirakitala, mayi Filesi batani lofiira, ine kachidutswa ka choko.

Malamulo anali ochepa. Poyamba a Tickey ankafunsa kuti, "Mukunyamula chiyani?" Munthu ankatchula zinthu zisanu zopita nazo kumudzi, ndi anthu amene akuyenda nawo. Kenako iwo ankanena zimene wakumana nazo panjira, iwe n'kunena chimene uchite, dayisi n'kuweruza. Ikagwa khumi kapena kuposa, zayenda. Ikachepera, kalanga iwe. Ukafa, Lamlungu lotsatira unkayambiranso pafamu.

Dayisi sinali yoopsa kwenikweni. Choopsa chinali pamene a Tickey ankaifumbata m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Apa dayisi ilibe mawu. Sankhani."

Ndikukumbukira Lamlungu lina, mwina mu 1987, mvula isanayambe.

"Che Bakari," anatero a Tickey, "mwafika m'chigwa. Kukutentha, akashembe akuluma. Mnzanu wapaulendo, Msilamu mnzanu, wagwa pansi pa mlambe, watisiya. M'sutikesi mwanu muli nsalu yoyera ija mwagulira amayi anu. Sanda ina kulibe. Kumpoto mitambo yada. Mukaima kukumba manda, Mukumbura adzaza, simuoloka mpaka mwezi utatha. Sankhani."

"Iwe Tickey," anatero Che Bakari, "mnzanga ameneyu ndinamuika kale chaka chatha."

"Uyu ndi mng'ono wake."

Afonso anaseka mpaka kugwa pachitini chimene anakhalira. "Banja limeneli likutha chifukwa choyenda ndi inu, Che! Akakuonani mwanyamula sutikesi azithawira m'chimanga."

"Khala chete iwe, sabata yatha unagulitsa mkazi wako ndi njinga."

"Sindinagulitse! Bwato linali laling'ono!"

"Njinga inakwanamo bwanji?" anafunsa mayi Filesi. "Amuna inu. Tsiku lina ndidzakusiyani nonse pachilumba, ndidzaoloka ndi mbuzi."

Che Bakari anasisita ndevu. Kenako anati, "Tulutsa nsaluyo. Tunga madzi, timusambitse." Nthawi zonse ankatero. Sanasiyepo mtembo panjira, ngakhale wa pachiguduli, ndipo nthawi zonse mtsinje unkadzaza.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti a Tickey anali ankhanza pamasewerawa. Ankamvetsera munthu milungu ingapo mpaka adziwe chimene mtima wake wagwiritsa, ndiye n'kuchiika mbali imodzi, kumudzi mbali inayo. Ine anandichititsa kutentha satifiketi yanga ya uphunzitsi kuti ndiwothe moto m'phiri. Afonso anamuimika pakati pa kubisa mnzake wothawa asilikali ndi kupulumutsa mwendo wake. Ndipo pochita zimenezi nkhope yawo inkawala. Munthu uja woyenda chozemba m'mbali mwa makoma sabata yonse, Lamlungu ankakhala tsonga, anthu anayi tikuwayang'ana pakamwa. Palibe amene anadutsapo chipata cha Mwanza. Tinkadandaula, tinkatukwana, koma Lamlungu likafika miyendo inkatitengera yokha kumapeyala kuja.

Oyamba kuchoka anali mayi Filesi, mu 1990. Tsiku limenelo anayenda bwino koposa, ndi ana awo awiri, mpaka batani linafika pa Zobue, zala zitatu kuchoka pampindiro. Tonse tinasendera pafupi.

"Msilikali wa pachipata wayang'ana pepala lanu," anatero a Tickey. "Palembedwa mwana mmodzi. Inu muli ndi awiri. Akuti adutse mmodzi."

"Ndibwerera nawo onse kufamu."

"Kumbuyo msewu watsekedwa, kuli mfuti."

"Ndigona pomwepo mpaka asinthe msilikali."

"Wamng'onoyo thupi latentha. Chipatala chili tsidya la Mwanza. Sankhani."

Chaka chapitacho mayi Filesi anali ataika mwana wawo wamng'ono, Annet, amene anamwalira ndi chikuku. A Tickey ankadziwa, chifukwa kumaliroko anabweretsa buledi wophika okha. Mayiwo anatola batani lawo pang'onopang'ono, n'kuimirira.

"Inu a Tickey," anatero, "Mulungu anakumanani ana, ndiye mwati muzidya athu?"

Lolemba ndinawaona akupita kushedi, batani lofiira lija atalisokera padelesi. Sanabwerenso. A Tickey ankaikabe chitini chawo pamalo pake kwa miyezi ingapo, koma kukapepesa sanapite. Sindikudziwa ngati kunali kuuma mtima kapena kusadziwa mmene munthu amagogodera pakhomo la kukomboni.

Afonso anachoka mu 1994, nkhondo ya kwawo itatha. Anabwera kudzatenga nati yake, n'kuiponya m'mwamba n'kuiwakha. "Mdala, ine ndikukafika popanda dayisi," anatero. Analonjeza kalata yofotokoza njira yonse. Ngati analemba, sinafike.

Tinatsala awiri, ine ndi Che Bakari. Akazi awo, abiti Mwanaisha, anali atamwalira mu 1988 ndipo anaikidwa kuseri kwa kamzikiti kaudzu ka pakomboni. Maso a Che anachita ng'ala, ulusi unayamba kukana kulowa m'singano. Mu Juni 1995 mwana wawo Rehema, wokwatiwa ku Ruwa kufupi ndi Harare, anatumiza mawu kuti bambo asamukire kwa iye. Anapangana ndi dalaivala wa lole yopititsa fodya kuokushoni ku Harare kuti awatenge kumapeto kwa mwezi. Panatsala ma Lamlungu atatu.

"Tickey," anatero Che Bakari atakhala pansi, "zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikufa pachiguduli ichi. Ku Chiradzulu kwenikweni sindidzapondako, ndikudziwa. Koma apa pokha ndifike kamodzi ndisanakwere lole."

"Dayisi ndiyo idziwa, Che. Mukunyamula chiyani?"

"Palibe."

A Tickey anadzutsa mutu. "Makina osokera?"

"Ndapatsa Filesi. Zoonadi, dzulo anabwera ndi wilibala."

"Nsalu ya amayi?"

"Amayi anga akanakhala ndi zaka zana ndi khumi. Aivalira kuti?"

"Mukuyenda ndi yani?"

"Ndekha. Banja lija linatha, Afonso ananena."

"Che, mtchona wa zaka makumi anayi n'kukafika chimanjamanja, wopanda ngakhale bulangete? Akakusekani mudzi wonse."

"Akandiseke. Kundiseka ndiye kuti andiona."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mkuluyo anali ataganiza nthawi yaitali. A Tickey ankagwira munthu pa chimene wanyamula, ndipo uyu analibe pogwira. Anayesa. M'chigwa anaika mayi wodwala m'mbali mwa njira. Che anati amupatsa madzi ndi jekete, apitirira. Pa Zambezi mwini bwato anafuna kanthu. Che anavula nsapato. Dayisi nayo inawakonda, inagwa khumi ndi zinayi, kenako khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ng'ona inandidya msanga tsiku limenelo, ndipo sindinadandaule. Lamlungu loyamba bobini inagona ku Tete. Lamlungu lachiwiri a Tickey anatulutsa asilikali, njala, malungo, mlatho wothyoka. Thukuta linkawatsika ngakhale kunali kozizira. Che ankangoti, "Atenge malaya. Ndidikira. Ndikwawa." Dzuwa likupendeka, bobini inaima pa Mwanza, itagunda mpindiro.

"Lero tilekere pomwepa," anatero a Tickey, n'kukulunga chiguduli msangamsanga.

Lachitatu nditaweruka ndinapita kukhomo la kukhitchini. Ndinawapeza atakhala pasitepe akupukuta mafoloko. Ndinali nditakonza mawu anga bwinobwino panjira, koma anatuluka mokhotakhota.

"A Tickey, sindikufuna kulowerera malamulo anu. Koma mkulu uja watsala ndi Lamlungu limodzi. Musamuphe pachipata."

Anapukuta foloko imodzi mpaka ndinaganiza kuti sanandimve. Kenako analowetsa dzanja m'thumba la apuloni n'kundipatsa chitupa chawo cha boma, chachitsulo monga zinalili masiku amenewo. Panali chilembo chosonyeza kuti mwini wake ndi mlendo m'dziko muno, monga pa changa. Sindinaone chachilendo.

"Werengani pobadwira, aphunzitsi."

Linali boma la Chinhoyi, m'dziko momwemuno, osati ku Malawi.

"Ndinabadwira pafamu ya chimanga," anatero. "Bambo anga ndiwo anali a ku Ntcheu, ndipo anamwalira ndisanamere mano. Chichewa ichi ndinatola kwa madala a m'makhitchini. Mukumbura sindinamuonepo. Muzarabani yemweyu ndimangomuonera pamwamba pa phiri."

"Nanga njira yonseyi?"

"Ya eni ake. Ndakhala ndikumvetsera kuyambira ndili mwana. Koma mudziwe, onse amene anandiuza anali obwera kuno. Za njala amanena, za ng'ona, za Apwitikizi, mpaka mtengo umene anagona pansi pake. Ukawafunsa za kumudzi amangoti, 'Kwathu n'kwabwino,' basi, n'kuyang'ana kumbali. Ndijambule chiyani? Mseri mwa mpindiro muja mulibe kanthu, aphunzitsi. Chiguduli chokhachokha."

Ndinakhala pasitepe yapansi. Ndinaganiza za mayi Filesi ali zala zitatu kuchoka pampindiro, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake tsiku lija mpeni unalowa mozama chotero. Sindikunena kuti zinali zoyenera. Ndikungonena kuti ndinamvetsa.

"Mungopeka," ndinatero. "Nyumba zingapo, mtengo, chitsime."

"Kwa inu ndingapeke. Kwa munthu wobadwirako? Adzadziwa mawu oyamba omwe." Anaika foloko m'thireyi, n'kutenga ina. "Ndiponso munthu akafika, masewera atha. Ine Lamlungu ndizidzatani?"

Belu linalira m'nyumba yaikulu.

Lamlungu lomaliza kunali mphepo ya Juni, yonyamula fumbi la m'minda yolimidwa. Che Bakari anabwera atavala mkanjo woyera wa Lachisanu ndi kofia, ndine ndinawagwira dzanja podutsa pangalande. A Tickey anali atayala kale chiguduli, miyala inayi m'makona. Pambali panali botolo la inki ndi kamtengo kojambulira, zimene sindinazionepo pamasewera.

"Muli pachipata cha Mwanza," anatero. Mawu awo anali ouma. "Msilikali akufuna pepala."

"Ndilibe. Ndilibenso malaya, andione nthiti."

"Ponyani."

Che anaponya. Dayisi inagubuduka n'kuima pafupi ndi bondo langa. Iwo sakanatha kuiwerenga, ndipo a Tickey sanaiyang'ane, anayang'ana ine.

"Khumi ndi chimodzi," ndinatero, ndipo inalidi khumi ndi chimodzi. Ndikutsimikiza zimenezi chifukwa ena anadzanena kuti tinawanamiza mkuluyo.

A Tickey anachotsa miyala iwiri yakumtunda. Anatambasula mpindiro uja, umene unali utauma ngati chikopa chifukwa cha zaka, n'kuusalaza. Panali poyera, pakuda pang'ono ndi fumbi m'mphepete.

Che Bakari anawerama, n'kuyendetsa chikhatho pachigudulipo. Inki ya mabelo ikauma imachita nthiti, munthu amaimva ndi zala. Anatsata njira kuchokera ku Tete, Zobue, Mwanza. Kenako chikhatho chinayenda posalala, uku ndi uku, mpaka kumapeto.

"Apa inki inatha?"

"Inatha, Che."

"Kapena sinagulidwe n'komwe." Che anachotsa chikhatho pachiguduli. "Ilipo lero?"

"Ilipo."

"Tsegula botolo, mwanawe. Ndikuuza, iwe uzilemba."

Anakhala tsonga, maso oyera aja ataloza kuthanki ya madzi.

"Ukatsika basi, phiri lili kutsogolo kwako. Lalikulu, lokhala lokha, m'mawa limavala mtambo ngati kofia. Lemba phiri."

A Tickey analemba phiri.

"M'munsi mwake minda ya nandolo. Nandolo wamtali kuposa munthu, ukalowamo amayi amakuitana osakuona. Pali kamtsinje, dzina lake... landichoka. Lemba kamtsinje, dzina libwera."

Dzinalo silinabwere. Anadikira, milomo ikuyenda. Kenako anapitiriza, ndipo mawu anayamba kuthamanga.

"Ukaoloka, msewu ndi wofiira. Uku ndi uku mabulugamu, mzere wowongoka mpaka pamwamba. Kumanzere damu, ng'ombe zimamwa chakumadzulo. Ukapitirira pali nyumba zazitali za njerwa, zisanu ndi imodzi, zopanda mawindo, nthawi yokolola zimafuka utsi usana wonse. Pamtengo wa msasa pali chitsulo cholendewera, chimalira m'mawa anthu n'kutuluka. Sitolo ili ndi khonde, pakhondepo dzuwa limafika mochedwa. Kenako kamzikiti kaudzu. Kuseri kwake kuli Mwanaisha."

Ine ndine mphunzitsi, kukonza zolakwa ndiyo ntchito yanga. Mabulugamu amenewo ndinkadutsamo tsiku lililonse. Nyumba zazitalizo anali mabalani athu oumitsira fodya, ndipo chitsulocho n'chimene kapitawo ankamenya kuitana anthu kumunda. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti, "Che, kumeneko ndi kuno." Phazi la a Tickey linaponda langa, mwamphamvu, mpaka chala chinachita dzanzi. Iwo sanadzutse mutu. Analemba mabulugamu mtengo umodziumodzi, damu, mabalani asanu ndi limodzi ndi utsi wake, chitsulo, khonde, kamzikiti, ndi kamzere kakang'ono kuseri kwake. Mpaka lero sindidziwa ngati Che anasokoneza, kapena ankadziwa bwino lomwe chimene akunena. Ndaganizapo kambiri ndipo ndilibe umboni wa mbali iliyonse.

Inki itayamba kuuma, Che anafufuza bobini yawo n'kuiyendetsa okha, kudutsa phiri, nandolo, kamtsinje kopanda dzina, mpaka pakati pa mabulugamu.

"Ndafika?"

"Mwafika pamphepete pa mudzi."

"Ndiye watha mano, Tickey? Ufuna ndilowe ngati mbuzi yosochera? Ndipatse chako chija, cha 'sankhani'."

A Tickey anatola dayisi, n'kuifumbata. Ndinkaopa, chifukwa ndinkawadziwa. Polankhula, mawu anali otsika monga kale, koma munalibe kuwala kuja pankhope.

"Panyumba yoyamba pali mayi akupeta. Simukumudziwa, koma mphumi yake ndi ya kwanu. Wakuonani, waika lichero pansi. Akufunsa kuti, 'Ndinu yani, bambo?' Mukatchula dzina lanu, akulandirani, alira, aitana anthu. Koma akuuzaninso onse amene anapita, mmodzimmodzi, ndi chaka chake, ndi amene ankakutchulani pomwalira. Mukapanda kutchula, akupatsani madzi ndi mpando ngati mlendo wodutsa. Mudzi muuona wonse uli bwinobwino, koma palibe adziwe kuti Bakari anabwera. Apa dayisi ilibe mawu."

Sanamalize ndi "sankhani." Mphepo inatembenuza kona ya chiguduli, ine n'kuikapo mwala.

Che Bakari anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. "Mwana wa njoka iwe," anatero. "Ndinavula zonse, ndinaiwala kuti dzina ndanyamula."

Anasisita ndevu monga ankachitira pa mitembo ija ya m'chigwa. Kenako anawongola mkanjo pamaondo, n'kuyang'ana kumene kunali mayi uja, pakati pa ine ndi thanki.

"Zikomo mayi," anatero mwaulemu. "Ndine wapaulendo. Ndithandizeni madzi akumwa, ndipumuleko pamthunzi wanuwu."

A Tickey anaimirira, analowa m'kachipinda kawo, n'kutuluka ndi kapu yagalasi, ya kunyumba yaikulu, imene inali yong'aluka pang'ono kukamwa. Anatunga madzi pathanki. Anagwada, n'kupereka ndi manja awiri. Che anamwa onse pang'onopang'ono.

"Madzi a kuno ndi okoma," anatero. "Mudzi wa yani uno, mayi?"

"Wa eni ake, bambo," anayankha a Tickey. "Khalani mpaka dzuwa lizizire."

Tinakhala. Palibe amene analankhulanso za masewera. Dzuwa litapendeka ndinawagwira dzanja Che kubwerera kukomboni, ndipo bobini anaisiya pomwe inali.

Lole inanyamuka Lachinayi m'mawa. Che anakhala kutsogolo ndi dalaivala, kathumba kamodzi pamiyendo. Anthu ambiri anabwera kudzatsazika, mayi Filesi analira kwambiri. A Tickey sanabwere, inali nthawi ya chakudya cham'mawa kunyumba yaikulu. Koma lole podutsa pageti ndinaona apuloni yoyera pakona ya galaja. Rehema anatumiza mawu chaka chotsatira, mwezi wa Ogasiti, kuti bambo anatisiya ndipo anaikidwa ku Ruwa komweko.

Ine ndinapitako ma Lamlungu awiri kapena atatu pambuyo pake. Sizinayende. Ndinkadziwa zimene zili kuseri kwa Mwanza, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa, ndipo akati "sankhani" tonse tinkayang'ana pansi. Ndinayamba kupeza zifukwa, makope oti ndichonge, mpira wa ana. Ili ndi gawo limene sindinyadira.

Mu Disembala 1997 ananditumiza kusukulu ina kufupi ndi Chinhoyi. Ndinapita kukatsazika Lamlungu masana. Ndinawapeza pansi pa mapeyala, chiguduli chili choyala chonse, chosapinda. Zitini zinayi zinali m'malo mwake. Bobini anali ataisokerera ndi ulusi wakuda pakhomo la nyumba yoyamba ija, kuti mphepo isaisunthe, ndipo pambali pake panali kapu yong'aluka, yodzaza.

Ndinawauza kumene ndikupita. Anagwedeza mutu.

"Kumeneko ndiye kwathu," anatero. "Mukakaona famu ya chimanga yokhala ndi zitsime ziwiri, njira ya ku Chirundu, mudzandiuze mmene ikuonekera. Ndinachokako ndili wamng'ono."

Ndinalonjeza. Mafamu a zitsime ziwiri kumeneko ndi ambiri, ndipo dzina lake sanandiuze, inenso sindinafunse. Nditafika pangalande ndinacheuka. Anali atatola kapu ija, akuthira madziwo patsinde pa mtengo, n'kupita kuthanki kukatunga ena.